MALONDA A PA DOKO NDI MTENGO WA MUNTHU

Werengani Ezekieli 27.

Abale okondedwa a kwa Mkhumba, ife tikhala kutari ndi nyanja ya mchere, ndipo ambiri a ife sitinaone chombo chachikuru ndi maso. Koma mneneri Ezekieli, polira mudzi wa Turo, atichenjeza ife tomwe. Turo unali mudzi wa pa doko, womangidwa pa chisumbu, ndipo zombo zache zinafika ku maiko akutari. Mneneriyo awerenga malonda ache monga mlembi wa m'sitolo: siliva ndi chitsulo, akavalo, minyanga ya njobvu, tirigu, uchi ndi mafuta. Ndipo pa ndime 13 atchula anthu, ogulitsidwa pamodzi ndi zotengera za mkuwa. Tchimo limene tilingalira lero ndi limeneli: kuyesa munthu ndi mphika pa muyeso umodzi.

Dziko lino linali naye Turo wache, ndiye Quelimane, ku gombe la Mozambique. Vasco da Gama anakocheza pa mtsinje wache chaka cha 1498, ndipo m'zaka za 1800 zombo zinanyamulapo akapolo kumka nao ku Brazil ndi ku zisumbu za Afalansa. Njira imodzi ya maulendo omka ku gombelo inapita pano pathu, pa mpata wa pakati pa Mlanje ndi Michesi. Potsika anthu anasenza minyanga, ena makosi ali m'goli. Pokwera amalonda anadza nazo nsaru, mikanda, mfuti ndi onga. Chifukwa chache Boma linamanga linga la Fort Lister pa mpatapo chaka cha 1893, kuti litseke njirayo. Zindikirani ichi: mwini chombo sanakwere yekha kudzagwira munthu m'mudzi. Anamgwira ndi munthu wa dziko lomwe lino, wokhumba nsaru.

Kodi chuma cha madoko chikhalitsa? Iai. Turo anagwa m'manja a Alexander chaka cha 332 Kristu asanabadwe. Taonaninso Chinde, pa mathiriro a Zambezi, pamene Angelezi anapatsidwa malo chaka cha 1891. Alendo, makalata ndi katundu wa dziko lino zinadzera pomwepo, ndi kukwera m'sitima za pa Zambezi ndi Shire. Chaka cha 1922 namondwe anapasula mudziwo. Chaka chomwecho njanji ya ku Beira inatseguka, ndipo malonda anasamuka. Momwemonso nsaru zija anagulira makolo zinang'ambika kalekale. Koma Mulungu akumbukabe munthu ali yense anagulitsidwa.

Sitinena kuti malonda ali oipa. Nandolo wa m'minda yathu atsikira ku madoko a Mozambique, naoloka nyanja, nadyetsa anthu a ku India. Pamenepo tiyamika Mulungu. Koma munthu sali nandolo. Goli linathyoka, koma malonda a anthu sanathe. Afika m'midzi mwathu anthu a pakamwa pozuna, nalonjeza nchito yabwino ku minda ya ku Mozambique kapena ku Joni. Apatsa kholo tindalama pang'ono, natenga mwana wa sukulu. Ena a anawo alima chaka chathunthu osalandira kanthu. Dziko la Malawi linaika lamulo loletsa malonda otere chaka cha 2015. Koma lamulo liribe maso m'mudzi. Maso ache ndinu.

Tidziwa kuti njala ipweteka, ndi kuti kholo silipereka mwana mokondwa. Chifukwa chache mlandu uwu uli wa mpingo wonse. Wakukhala nacho chimanga m'nkhokwe agawireko mnansi wache, mlendo uja asanafike ndi ndalama zache. Mukamva kuti wina asonkhanitsa ana mobisa, musakhale chete: uzani amfumu, akulu a mpingo ndi apolisi. Inunso anyamata, funsitsani dzina la wokulembani nchito, ndi malo ache, ndi malipiro, musanaoloke malire.

Mtengo wa munthu unatchulidwa kamodzi, pa Gologota, ndiwo mwazi wa Ambuye wathu Yesu Kristu. Wogulidwa chotere asagulitsidwenso ndi mbale wache. Mulungu atisungire ana athu. Amen.