Mwana Akalira M'malo Odyera

Pali mtsutso umene umabuka kawirikawiri pakati pa anzanga a mu Lusaka, makamaka mwezi ukatha ndipo wina afunsa kumene angapite kukadya ndi banja lake. Ena amati mwana wosafika zaka zisanu azitsala kunyumba, cifukwa munthu amene walipira ndalama zake ayenera kudya mwabata. Ena amati mwana ndi munthu, ndipo pamene pali nsima sangapirikitsidwepo. Ine ndili kumbali yaciwiri, ngakhale kuti a mbali yoyamba ali ndi mfundo.

Ganizirani mphunzitsi amene wakhala mlungu wonse m'kalasi lodzaza ana. Wasunga tindalama kuti Loweruka akadye ndi mkazi wake, akambirane nkhani zimene kunyumba sizikambika. Atangokhala pansi, pathebulo loyandikana kamwana kayamba kukuwa ndi kumenya supuni pambale. Munthuyo akakwinya nkhope sindinganene kuti ndi wouma mtima. Phokoso limene analithawa lamutsatira.

Koma funso ndi lakuti, kodi iye anagula ciani? Anagula cakudya, mpando ndi nchito ya womuperekera. Kusakhalapo kwa anthu ena sanakugule, cifukwa sikugulitsidwa. Ndipo taonani mmene timasankhira phokoso lotikwiyitsa. Amuna anai akamatsutsana za mpira mokweza mau, kapena bwana wina akamakalipira wanchito wake pafoni mpaka nyumba yonse kumva, palibe amene amati anthu otere azitsala kunyumba. Timangopirira. Kusiyana kwao ndi mwana, mmene ndionera ine, n'kwakuti iwo ali ndi cikwama. Tikalola kuti ufulu wokhala pagulu uziyezedwa ndi cikwama, mawa amene adzauzidwa kutsala ndi agogo amene amatafuna pang'onopang'ono, kapena m'bale wolumala amene amagwetsa cakudya.

Kumudzi kwathu ku Katete funso lotere silinkamveka. Ana tinkadyera mbale imodzi, ndipo mbaleyo inali sukulu: kusamba m'manja pambuyo pa akulu, kusayamba ndi nyama, kusiyira wamng'ono nthongo yomaliza, kudziwa kuti nthutumba ya nkhuku ili ndi mwini wake. Mwana akacita cipongwe, wamkulu aliyense amene anali pafupi ankamudzudzula, ndipo amai ake ankathokoza. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unkagwira nchito cifukwa anthu ankadziwana. Ku Manda Hill, imene inatsegulidwa mu 1999, ndi m'mamolo ena amene abwera pambuyo pake, timadya pakati pa anthu osawadziwa. Yesani kuuza mwana wa mlendo kuti atsike pampando, muone mmene makolo ake akuyang'anireni. Tasunga ufulu wokwiya ndi mwana wa mnzathu, koma ufulu womulangiza tautaya. Cotsala ndi diso lofiira, limene mwana salimvetsa ndipo mai amalimva ngati mbama.

Makolo ambiri apeza mankhwala ake: foni. Mwana amapatsidwa makatuni, amakhala cete, macipisi amalowa m'kamwa iye osaona n'komwe. Aliyense amakondwa. Ine zimandivuta, pakuti mwana wotere tabwera naye koma palibepo. Ngati colinga copita naye cinali cakuti aphunzire kudya ndi anthu, kuyembekeza, kunena zikomo, ndiye kuti tagula bata ndi cinthu comwe tinapitira.

Pali munthu mmodzi amene m'mtsutso wonsewu sachulidwa, ndipo ndiye amene amasenza katundu weniweni. Ndi mtsikana woperekera zakudya. Iye ndiye amayenda ndi mbale za supu yotentha pakati pa ana othamangitsana. Ndiye amagwada kupukuta zakumwa zotayika ndi kutola mpunga pansi pa thebulo, makolo ali duu kujambula zithunzi. Sangadzudzule, cifukwa dandaulo limodzi kwa manejala lingamucotsetse nchito, ndipo mwina nayenso wasiya wake wakhanda kukomboni kuti adzasamalire wanu. Ngati kholo lili ndi ngongole m'malo odyera, ngongoleyo ndi ya kwa iye poyamba, wodya wa pathebulo lina pambuyo. Ndalama ya 10 peresenti imene malo ena amaonjeza pabilu siisandutsa munthu kukhala mlezi. Kunyamuka n'kutuluka naye panja mwana akayamba kulira, kumubweza akathamangira kukhichini, kusonkhanitsa zimene wamwaza: izi ndi nchito za amene anabereka.

Anzanga akandifunsa kopita ndi ana aang'ono, sindiyamba ndi malo a nsalu zoyera pathebulo, kumene cakudya cimatenga nthawi yaitali ndipo mwana wanjala amasanduka cilombo. Nkhuku ndi macipisi a ku Hungry Lion zimafulumira, ndipo ana amazikonda, palibe cobisa. Koma ine ndimawauza za Matebeto ku Thornpark. Muzifika msanga, anthu a m'maofesi asanadzaze. Cakudya cimakhala capsa kale, mwana amayang'ana yekha m'miphika n'kuloza cimene afuna, kaya kapenta, cibwabwa cotendera, cikanda kapena nkhuku ya kumudzi. Phokoso lilipo kale, motero lake limangomira m'menemo. Ndipo kumeneko ndaonako amai ophika akuuza mwana wa kasitomala kuti, “Iwe, yamba wasamba m'manja,” mwanayo n'kusamba, atate ake osakweza ngakhale mutu.