Manja Odekha a Mmisiri



M'nyumba yaikulu ya Dumfries House, ku Scotland, mudakali mipando imene Thomas Chippendale, mmisiri wa ku London, adatumiza kumeneko m'chaka cha 1759; ndipo ngakhale mibadwo yafika ndi kupita, mipandoyo ili chiimire, chifukwa oikonza amalemekeza ntchito ya amene adawatsogolera.

Mwendo wa mpando ukayamba kugwedera, mmisiri wanzeru sakhomerapo msomali, pakuti msomali umang'amba thabwa lokalamba. Koma amafewetsa guluu wakale ndi madzi ofunda, namasula polumikizirapo mosamala, napalapo bwino, namatanso ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa za nyama, amene adzalolanso kusungunuka tsiku limene mmisiri wina, amene lero sanabadwe, adzafuna kukonzapo. Likakhala tebulo la m'zaka za m'ma 1800 limene kuwala kwake kudazilala, amatenga shellac, utomoni wa tizilombo ta m'mitengo ya ku India, nausungunula m'sipiriti, nakulunga thonje m'kansalu, napaka mozungulira pang'onopang'ono, kudikira kuti paume asanabwerezenso, kufikira mizere ya thabwalo itaonekera ngati ili pansi pa madzi oyera. Akuluakulu sadaname pamene adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu amene makolo adakusiyirani tebulo la mbawa kapena la mkungudza, musafulumire kulipaka penti, kapena kuliwaza likhale nkhuni. Pitani nalo kwa mmisiri wodekha, kuti ana a ana anu nawonso adzadyerepo nsima.