Adayamba kutopa ndani pa Sodomu?

Tikusewera bawo, mnzanga wina adandifunsa: "Iwe, Mulungu wotentha mzinda wathunthu akusiyana pati ndi wolamulira wankhanza?" Ndidasowa chonena.

Usiku ndidatsegula Genesis 18. M'menemo Abrahamu akunenerera Sodomu ngati ali pamsika: mukapezeka olungama 50 bwanji? Nanga 45, 40, 30, 20, mpaka 10? Ulendo uliwonse Mulungu akuvomera kusauwononga mzindawo. Adaleka kupempha ndi Abrahamu. Mulungu sadakaneko ngakhale kamodzi.

Wankhanza safunsidwa mafunso, zimenezo enafe tikuzidziwa bwino. Za makanda a mu Sodomu, ndisaname, mtima umandiwawabe. Koma woweruza wolola munthu wamba kumtsutsa maulendo 6, ine sindingamutche wankhanza.