Tisuzumire Kunsi kwa Nyumba Mvula Isanagwe



Mawu otitsogolera mwezi uno ali m'buku la Levitiko, mutu 14, ndime 33 mpaka 45, chigawo chimene ambirife timachidumpha powerenga. Mulungu akulangiza Mose ndi Aroni za nyumba yogwidwa ndi nthenda m'makoma. Mwini nyumba akaona maanga okayikitsa amayenera kupita yekha kukauza wansembe. Katundu amatulutsidwa, wansembe amayendera nyumbayo ndi kuitseka masiku 7. Akabweranso n'kupeza kuti maanga afalikira, miyala yodwalayo imagumulidwa n'kukatayidwa kunja kwa mudzi, khoma limapalidwa, kenaka amaikamo miyala ina ndi kumatanso. Nthenda ikabukanso, nyumba yonse imagwetsedwa. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tikamawerenga apa timaona ngati tabwerera m'wodi: kuyeza, kudikira, kuyezanso, kenaka kuchotsa chowola. Palibe ndime imene ikulola mwini nyumba kupaka laimu kuti alendo asaone.

Zomanga zambiri pakhomo pathu sizikhudza dothi. Nkhokwe imakhala pa miyala kapena pa mphanda, ndipo pamwamba pake pamagona mitanda. Khola la mbuzi la m'mwamba chimodzimodzi. Nyumba zina zakale zoyalidwa matabwa pansi nazonso zimakhala pa zipilala za njerwa, kunsi kuli mpata wodutsa mphepo. Kulemera konse, kaya ndi chimanga cha chaka chathunthu kaya ndi bedi la agogo, kumatsikira pa mitanda, kuchoka apo kupita pa zipilala, kenaka m'nthaka. Chipilala chimodzi chikatitimira, zinzake zimasenza katundu wosakhala wawo, ndipo posachedwa nazonso zimatopa.

Zizindikiro zimayamba pang'ono ngati malungo. Chitseko chimene chinkatsekeka bwino chayamba kukhula pansi. Timati thabwa lafufuma ndi chinyezi, ndipo nthawi zina n'zoona, koma chikamavutabe mu Okutobala dzuwa lili phwee, vuto lili kunsi. Mng'alu woyambira pa ngodya ya zenera n'kumapita chopingasa ukutiuza kuti mbali ina yatsika. Ikani ndimu pakati pa chipinda: ikagubuduzika yokha kuthamangira pa ngodya imodzi, kayang'aneni chipilala cha kumeneko. Mng'alu tiziuchita monga timachitira ndi khadi la kusikelo ya mwana. Lembani kamzere ndi pensulo pamene wathera, lembaninso tsiku lake, ndipo mudzaonenso pakatha mwezi. Ngati wadumpha kamzere kaja, itanani mmisiri.

Adani aakulu ndi madzi ndi chiswe. Anzathu a ku chigwa cha Shire ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amalidziwa dothi la makande: limafufuma likamwa madzi, limanyala ndi kung'aluka m'chilimwe, ndipo chipilala chimakwera ndi kutsika nalo chaka ndi chaka. Madzi a padenga ogwera patsinde pa chipilala amakokolola dothi, ndipo ifenso, tinene zoona, timathira madzi otsukira mbale pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. Chiswe chimaopa kuuma, n'chifukwa chake chimadzimangira tinjira ta dothi pokwera chipilala. Chimadya mtanda m'kati n'kusiya khungu looneka bwinobwino. Ugogodeni. Ukalira ngati ng'oma, kapena msomali ukangolowa osalimbana nawo, mtandawo watha.

Pokonza timayamba ndi madzi, apo ayi tingotaya ndalama. Kumbani ngalande, unjikani dothi kuti litsetserekere kutali ndi nyumba, ndipo chotsani nkhuni ndi zitsa zimene tasunga kunsiko, pakuti ndicho chakudya cha chiswe. Mtanda wowola sachiza, amachotsa. Pamene patsika, mmisiri amayamba waika zochirikiza zolimba, kenaka amakweza ndi jeke mamilimita ochepa patsiku, chifukwa kukweza kamodzin'kamodzi kumang'amba makoma. Chipilala chatsopano chikhale pa mwala waukulu kapena pa konkire yotambalala, ndipo pamutu pake pakhale kachidutswa ka lata kotulukira m'mbali. Latalo silipha chiswe, koma limachikakamiza kudutsa poonekera. Tikupemphani amayi, musalole mwamuna wanu kapena mwana kukwawira pansi pa chinthu chogwiridwa ndi jeke yokha, ndipo nkhokwe aipungule asanaikweze. Ovulala msana tinawasamalirapo, ndipo ena sanayendenso. Wolowa kunsiko atenge tochi ndi ndodo, njoka zimakonda mthunzi umenewo.

Mlaliki 10:18 amagwirizanitsa kugwa kwa denga ndi ulesi. Tiimve bwino ndime imeneyi, tisaisandutse chikwapu. Namondwe wa Freddy atafika mu Marichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe osasankha ya waulesi kapena ya wakhama. Ndiponso mayi wamasiye wa zaka 70 amene akulera zidzukulu zinayi amachiona chiswe ndi maso ake, chimene alibe ndi mphamvu ndi ndalama ya mtanda. Ulesi umene ndimeyi ikudzudzula ungakhale wathu, ife amene timadutsa pakhomo pake titavala yunifomu yochapa bwino popita ku Misa.

Nanga m'mabanja mwathu? Mary Sumner poyambitsa Mothers' Union mu 1876 ankafuna kuti amayi azichirikizana pa ntchito yolera mabanja achikhristu. Koma taphunzira kupaka laimu. Mayi akumenyedwa, Lamulungu amati wagwa kubafa, ndipo ife timavomera ngakhale tikudziwa maonekedwe a bala la chibakera. Ngongole ya katapila ikudya banja m'kati, wina wasiya kumwa mankhwala ake a tsiku ndi tsiku poopa kuti apongozi aona botolo, mtsikana wa Fomu 2 wangoti zii osalankhula ndi munthu. Mwini nyumba wa m'Levitiko ankapita kwa wansembe asanatsimikize n'komwe kuti ndi nthenda. Kukayika kokha kunali kokwanira. Koma munthu amaulula kwa amene sangakalengeze kumjigo. Ngati mayi mnzathu akuopa kutiuza, tidzifunse chimene tinachita ndi chinsinsi cha amene anatiuzapo kale. Ndipo pamene moyo uli pa chiswe, kupemphera naye kuyendere limodzi ndi kumuperekeza kuchipatala kapena kupolisi.

Tikupempha nthambi iliyonse kuti Adventi isanafike ilembe mayina a amasiye, okalamba ndi odwala a m'dera lake. Muwayendere awiriawiri, mutenge achinyamata a mumpingo okhala ndi makasu, ndipo mupemphe Abambo a parishi kuti alengeze m'tchalitchi ngati pali mmisiri wodzipereka tsiku limodzi. Mukafika, yambani ndi pemphero, khalani pansi mucheze, kenaka mupemphe chilolezo chozungulira kuseri kwa nyumba ndi kusuzumira kunsi kwa nkhokwe.