Ndalama za Apaulendo ndi Mjigo wa Mudzi

 

Mu 1991, ophunzira a ku India omwe anali ku Maryland, ku America, anayambitsa bungwe la Association for India's Development. Ankasonkherana mongodzipereka n'kumatumiza thandizo kumidzi ya kwawo, kudzera m'magulu a anthu a komweko odziwa pamene pali vuto.

Kwathu kuno ku Ulónguè, Domué, Lifidzi mpaka kumalire ku Calómuè, kukumbuka kumudzi sitichita kuphunzitsidwa. Nthawi ya nkhondo ambiri tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, tinasungidwa ndi anzathu mpaka mtendere wa 1992 utabwera. Lero ana athu ali ku Johannesburg, ku Beira, ena kumigodi ya malasha ku Moatize. Amatumiza ndithu, pa M-Pesa kapena Mukuru: ya feteleza wa mbatatesi, ya malata, ya maliro. Pa maliro pokhapo ndiye sitichedwa, n'zoyamikika.

Koma ndalamayo imathera pakhomo limodzi. Mjigo wa mudzi wonse ukawonongeka umakhala miyezi, amayi n'kubwerera kudambo. Ine sindikhulupirira kuti apaulendowo ndi oumira. Amaopa kuti asonkha thukuta lawo, wina n'kudya yekha.

Chofunika n'chochepa: komiti yosankhidwa pabwalo la amfumu, msungichuma amene amayi akumukhulupirira, kope lowerengedwa poyera mwezi uliwonse, ndi chithunzi cha lisiti chotumizidwa pa WhatsApp kwa aliyense amene wasonkha.