Dimba la tonse chilimwe chisanafike

Mphepo ya mwera yayamba kuleka, chilimwe chili pakhomo, ndipo pofika Okutobala ndiwo zamasamba zidzasowa m'makomo ambiri. N'chifukwa chake dimba la m'mudzi, lija lodyetsa ana a kumkombaphala, liyenera kubzalidwa panopa, zitsime za m'dambo zisanaphwe. Ena amati ntchito yongodzipereka imalanda banja nthawi. Nkhawayo ndi yomveka, pakuti kuthirira m'mamawa n'kolemetsa, ndipo kawirikawiri ndowa imagwera amayi okha. Koma mabanja khumi akamasinthana, banja lililonse limathirira kamodzi pa masiku khumi, pamene dimba lanulanu limakufunani tsiku ndi tsiku. Komanso phindu silichedwa, pakuti mpiru sudikiritsa miyezi iwiri kuti uyambe kuthyoledwa. Za ndowazo, komiti ya dimbali ilembenso abambo pa mndandanda wa othirira.