Kuona maso a nkhono n'kudekha

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaikhudza imalowa m'chigoba, ndipo imatulukanso pokhapokha ukaisiya paphee.

Mwambiwu tiziukumbukira m'mipingo mwathu. Mayi akathawa banja la nkhanza, kapena akangoika mwamuna wake m'manda, timathamangira kumuuza kuti akhululuke, apukute misozi, ayambirenso kuimba kukwaya. Timatero ndi mtima wabwino, komabe tikugogoda pachigoba cha munthu wamantha.

Taonani Yosefe m'buku la Genesis. Abale ake adamugulitsa ali ndi zaka 17, ndipo padapita zaka pafupifupi 22 kuti adziulule kwa iwo. Abalewo atafika ku Igupto kudzagula chakudya, Yosefe sadawakumbatire tsiku lomwelo. Adawayesa kaye, mpaka kubisa chikho chake chasiliva m'thumba la Benjamini, kuti aone ngati angatayenso m'bale wawo. Yuda atadzipereka kukhala kapolo m'malo mwa mnyamatayo, Yosefe adalira mokweza. Mtima wokhululuka adali nawo, koma kuwakhulupiriranso kudadikira umboni.

Apa ndi pomwe ambiri timasokoneza. Mkazi akhoza kusiya kufunira zoipa amene adamumenya, nakhalabe kwa makolo ake. Kukadandaula ku Victim Support Unit ya polisi si kuchepa chikhulupiriro, ndipo lamulo la Malawi la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalola khoti kumuteteza.

Kwa wofedwa n'chimodzimodzi. Amayi a Mvano ndi a m'miphakati amadzadza nyumba pamaliro. Chomwe chimasowa ndi munthu wobweranso pakatha miyezi itatu, kudzathandiza kupalira m'munda osafunsa kuti chisoni chitha liti.